Kugula Batire la Galimoto: Yezani Kaye, Werengani Nambala, Kenako Lipirani

Galimoto ikakana kulira m'mawa, ambiri amathamangira kukagula batire latsopano. Nthawi zina amakhala atalasa, koma mabatire ambiri abwinobwino amatayidwa pamene wolakwa ndi alitaneta (makina otchaja batire injini ikamalira), nthambo yomasuka kapena sitata. Chopweteka n'chakuti chimene chinapha batire lakale chidzaphanso latsopano, ndipo wogulitsa sadzakusinthirani batire limene laphedwa ndi galimoto yanu yomwe.

Tsimikizani kuti vuto ndi batire

Mufunika multimeter, kamita koyezera magetsi kamene amakaniko a zamagetsi amakhala nako. Kaikeni pa 20V DC, waya wofiira pa mutu wa + ndipo wakuda pa mutu wa −. Yezani galimoto itagona usiku wonse, chifukwa batire limene langochoka kumene pa msewu limasonyeza moto woposa umene lili nawo.

Batire lodzaza limasonyeza 12.6V kapena 12.7V. Likakhala pa 12.4V latsala ndi magawo atatu mwa anayi, pa 12.2V lili theka, ndipo pa 12.0V latsala pang'ono kutheratu. Kutsika kumeneku pakokha sikutanthauza kuti lafa. Litchajitseni kaye ndi kuliyezanso. Koma likatchajidwa usiku wonse n'kumabwererabe pa 10.5V, palibenso chochita. M'kati mwake muli zipinda 6, chilichonse chimapereka pafupifupi 2.1V, ndiye 10.5V ikutanthauza kuti chipinda chimodzi chafa.

Kenako wina alize galimoto inu mukuyang'ana mita. Pamene sitata ikuzungulira, nambala isatsike kupitirira 9.6V. Ikagwa mpaka 7V kapena 8V pa batire lotchajidwa bwino, batirelo latopa. Ikangokhala pa 12V koma sitata ikungoti "tchaka" osazungulira, yang'anani mitu ya batire, nthambo yaikulu yopita ku thupi la galimoto ndi sitatayo.

Injini ikalira, mita ikwere kufika pakati pa 13.8V ndi 14.5V, ndipo isagwe pansi pa 13V mukayatsa nyali ndi fani. Ikakanirira pa 12V, alitaneta sikutchaja kapena lamba wake wamasuka. Ikapitirira 15V, alitaneta ikuwiritsa batire, ndipo mudzamva fungo la mazira oola. Galimoto zina zatsopano zimatsitsa dala mphamvu yotchajira batire likadzaza, choncho pa zimenezo yezani nyali zili zoyaka.

Musalole munthu kuyeza alitaneta pochotsa mutu wa batire injini ikulira. Njira imeneyi inkatheka pa galimoto zakale zopanda kompyuta. Pa za masiku ano ikhoza kuotcha kompyuta ya injini ndi alitaneta yomwe.

Ngati batire limatha galimoto ikaima masiku awiri kapena atatu, pali chimene chikuba moto: alamu, tiraka (kachipangizo kolondolera kumene galimoto ili), wailesi yolumikizidwa molakwika kapena nyali ya m'buti yosazima. Makaniko ayeze, galimoto yozimitsa isamadye moto woposa 50mA.

Nambala imene ili pa batire

Galimoto zambiri pa misewu ya Malawi ndi Zambia ndi zochokera ku Japan, ndipo mabatire ake amalembedwa mwa dongosolo la ku Japan lotchedwa JIS, mwachitsanzo 46B24L kapena 55D23R. Mukaidziwa nambala imeneyi, simungagulitsidwe batire lolakwika.

Tengani 46B24L. Nambala yoyamba, 46, ndi mlingo wa mphamvu ya batire. Si ma Ah (kuchuluka kwa moto umene batire limasunga), ngakhale ogulitsa ena amatero. Iyi yokha ndiyo mungasinthe, koma mokwera basi: m'malo mwa 46B24L mukhoza kuika 55B24L kapena 60B24L, ndipo lidzakwana pamalo pomwepo. Lemba lotsatira likunena za mulifupi ndi msinkhu: B ndi pafupifupi masentimita 13 mulifupi, D ndi pafupifupi 17. Nambala 24 ndi mulitali wa batire m'masentimita. Ndiye B19 ndi lalifupi kuposa B24, ndipo D31 ndi lalitali kuposa D23 ndi D26. Galimoto zing'onozing'ono za petulo kawirikawiri zimatenga B19 kapena B24, zapakati D23, ndipo za dizilo ngati Hilux ndi Hiace zimatenga D26 kapena D31, chifukwa injini ya dizilo ndi yolemera kuitembenuza ndipo mapulagi otenthetsa amayamba adya moto sitata isanagwire.

Lemba lomaliza, L kapena R, ndi limene anthu amalakwitsa kwambiri. Ikani batire patsogolo panu, mitu yake ili mbali yoyandikana nanu. Mutu wa − ukakhala kumanzere, batirelo ndi L. Ukakhala kumanja, ndi R. Mukagula losemphana, nthambo sizifika. Ena amazikoka mokakamiza mpaka zimaduka m'kati, ndipo amene sanayang'ane bwino amalumikiza mosemphanitsa. Kamphindi kamodzi kotero n'kokwanira kuotcha fyuzi yaikulu, alitaneta, ngakhalenso kompyuta.

Mitu nayo ili ya mitundu iwiri. Mabatire a B amakhala ndi mitu yoonda, a D yonenepa. Pali ena a B okhala ndi mitu yonenepa, ndipo amenewa amathera ndi S, monga 46B24LS. Mutu woonda m'chomangira chachikulu sugwira, ndiye anthu amakhomerapo msomali kapena kachitini. Pamenepo pamatentha, pamachita dzimbiri, ndipo galimoto imayambanso kuvuta kulira pasanathe miyezi. Ngati palibe kuchitira mwina, gulani timphete tamtovu topangidwira ntchito imeneyi.

M'masitolo ambiri mumvabe mayina akale: NS40, NS60, N50, N70. NS40 ndi la kagulu kakang'ono ka B19 ndi B20, NS60 ndi B24, N50 ndi D26, ndipo N70 ndi D31. Mabatire ochokera ku South Africa amadziwika ndi manambala atatu ngati 628, 646 kapena 652. Galimoto za ku Ulaya monga Volkswagen, BMW ndi Mercedes-Benz zimatenga batire lofupika msinkhu, la mitu yolowa m'kati, lomangidwa m'munsi. Kuikamo la JIS lalitali n'koopsa, chifukwa mitu ikhoza kukhudza boneti.

Musangokopera nambala ya batire limene mwalipeza m'galimoto. Mwina mwini wakale anangoika limene linalipo. Onani buku la galimotoyo, yezani kathireyi kamene batire limakhalapo, ndipo onani ngati chitsulo chomangira chikukwana bwino. Batire laling'ono pa thireyi yaikulu ndi chizindikiro chakuti wina anachepetsa.

Galimoto zozima zokha ndi za hybrid

Galimoto zimene zimazimitsa injini zokha mukaima pa maloboti, monga Mazda Demio ya i-stop, zimaliza injini kambirimbiri pa ulendo umodzi. Zimafuna batire la mtundu wa EFB, lopangidwa kuti lipirire kuliza injini kambirimbiri, ndipo nambala yake imalembedwa mosiyana: M-42, N-55, Q-85, S-95. N-55 ndi lofanana kukula ndi B24, Q-85 ndi D23, S-95 ndi D26. Batire wamba lidzakwana ndipo galimoto idzalira, koma lidzatopa msanga. Mtengo wa EFB ndi wokwera, komabe kugula wamba kawiri n'kodula kuposa.

Toyota Aqua ndi Prius zili ndi kabatire ka 12V kuwonjezera pa batire lalikulu loyendetsa galimoto. Kakatha moto, galimoto siyaka ngakhale lalikululo lili lodzaza. Pa Aqua yoyamba kali pansi pa mpando wa kumbuyo ndipo ndi S34B20R. Pa Prius yambiri kali m'buti. Poti kali m'kati momwe mumakhala anthu, kamakhala kotseka ndipo kali ndi kapaipi kotulutsira mpweya kunja. Musaikemo batire la zitsekerero, lija lotsegula pothira madzi, ndipo kapaipiko kabwezeredwe pamalo pake. Galimoto ya ku Ulaya imene inabwera ndi batire lotseka la mtundu wa AGM ibwezeredwe AGM, ndipo zina, makamaka BMW, zimafuna kuti kompyuta iuzidwe kuti batire lasinthidwa.

Malole ndi mabasi a 24V amagwiritsa ntchito mabatire awiri olumikizana. Sinthani onse pamodzi. Latsopano likamangidwa ndi lakale, satchajika mofanana ndipo onse amafa msanga.

Ah, CCA ndi nyengo yathu

Ah ndi kuchuluka kwa moto umene batire limasunga. CCA ndi mphamvu imene limatha kutulutsa kwa masekondi 30 pa kuzizira kwa −18°C. Kuzizira kotero kuno kulibe, choncho palibe chifukwa cholipirira CCA yokwera kwambiri. Ingofikani pa imene galimoto imafuna kapena kupitirira pang'ono.

Chimene chimapha mabatire kuno ndi kutentha ndi mabampu. Kutentha kumaumitsa madzi ndi kudya mapuleti a m'kati, n'chifukwa chake batire la galimoto yokhalira ku Nsanje, Chikwawa, Mangochi kapena Karonga silikhalitsa ngati la ku Dedza. Kuwonongekako kumachitika mu Okutobala ndi Novembala, koma kumadzaonekera m'mawa wozizira wa Juni kapena Julayi, pamene batire lofooka limalephera kutembenuza injini ya oilo wolimba. Kwa okhala kotentha amene amatsegula boneti kawirikawiri, batire la zitsekerero ndi labwino chifukwa mumatha kuwonjezera madzi. Kwa amene sakumbukira kutero, lotseka ndiye loyenera.

Batire la sola silinapangidwe kuti lizitembenuza injini, ndipo la galimoto silinapangidwe kuti liziyatsa inveta magetsi akazima. Mapuleti a batire la galimoto ndi opyapyala; mukalikhetsa mpaka kutheratu maulendo angapo, silibwereranso mwakale.

Pa kauntala

Batire limayamba kukalamba tsiku limene lathiridwa asidi, ngakhale lili pa shelefu. Funsani tsiku limene linapangidwa. Kampani iliyonse imalemba mwa njira yake, pa kapepala kapena modinda pa chivindikiro, ndiye wogulitsa akuonetseni ndi kukuwerengerani. Loposa miyezi 6 lisiyeni. Aliyeze inu mukuona: likhale 12.5V kapena kupitirira. Limene lakhala nthawi yaitali pansi pa 12.4V mapuleti ake ayamba kale kuuma ndi mchere woyera umene suchoka ngakhale mutchaje bwanji. Kadiso kobiriwira ka pamwamba musakadalire kwambiri, kamangoona chipinda chimodzi mwa 6.

Pali mabatire ogulitsidwa ouma, othiridwa asidi pogula. Amenewa akathiridwa akhale mphindi 20 mpaka 30 kuti mapuleti amwe, ndipo ndi bwino kuwatchajako asanakwere galimoto.

Linyamuleni. Mphamvu ya batire ili mu mtovu, ndipo mtovu ndi wolemera; pa mabatire awiri ofanana kukula, lopepuka kwambiri lili ndi mapuleti ochepa kaya chikalata chikunena zotani. Onani ngati m'mbali simunatupe, ngati palibe chinyontho pozungulira mitu, ndiponso ngati mitu ilibe zipsera za chomangira. Zipsera zimasonyeza kuti linagwirapo kale ntchito. Mabatire otsukidwa ndi kuthiridwa asidi watsopano amaoneka bwino ndipo amaliza galimoto kwa kanthawi, koma mapuleti ake ndi akale omwe aja.

Tengani lisiti ndi khadi la galanti lodindidwa, lolembedwa tsiku, nambala ya batire ndi nambala ya galimoto. Funsani kutalika kwa galantiyo, ngati ndi yofanana kwa minibasi ndi takisi, komanso kumene mungakadandaule. Dziwani kuti galanti imagwira pa cholakwika cha kufakitale, osati pa batire lotha moto, losweka kapena lowiritsidwa ndi alitaneta. Ku Malawi, wogulitsa akakana kulemekeza galanti yolembedwa, madandaulo amapita ku Competition and Fair Trading Commission.

Batire lakale lisiyeni kwa wogulitsa. Ogulitsa ambiri amachotsera mtengo mukatero. Musalisunge pakhomo, musathire asidi wake pansi, ndipo musaliphwanye kuti musungunule mtovu. Utsi ndi fumbi la mtovu zimawononga ubongo wa ana.

Kumanga

Musanachotse lakale, ganizani za wailesi. Zambiri za m'galimoto zochokera ku Japan zimadzitseka moto ukaduka, n'kumafuna nambala yachinsinsi kapena kakhadi ka mapu kamene nthawi zambiri sikafika ndi galimoto. Ngati yanu ndi yotero, makaniko alumikize batire lina losunga moto pamene akusintha.

Zimitsani injini, chotsani kiyi, vulani mphete ndi wotchi yachitsulo, ndipo pafupi pasakhale fodya kapena moto, chifukwa batire limatulutsa mpweya wophulika. Pa galimoto za ku Japan sipanala ya 10 ndiyo imagwira. Pochotsa yambani ndi −, kenako +. Thupi lonse la galimoto ndi −, ndiye mukayamba ndi + sipanala n'kukhudza chitsulo, moto umathetheka mpaka kusungunula sipanalayo. Pomanga, tembenuzani: + poyamba, − pomaliza.

Tsukani thireyi ndi zomangira ndi madzi ofunda osakaniza ndi soda, supuni imodzi pa kapu, koma soda asalowe m'zipinda za batire. Palani m'kati mwa zomangira mpaka ziwale. Zikankheni mpaka pansi pa mutu ndi dzanja, osakhoma ndi hamala, chifukwa kukhoma kumang'amba pamene mutu walowera m'chivindikiro ndipo asidi amayamba kutulukira pamenepo. Mangani mpaka chomangira chisatembenuke ndi dzanja, kenako pakani girisi kapena Vaseline pang'ono pamwamba.

Chitsulo chogwira batire chibwezeredwe, osati chingwe kapena mphira wa tchubu. Batire lodumphadumpha pa msewu wafumbi limagwetsa zokutira za mapuleti, zimaunjikana pansi, ndipo chipinda chimafa. Mukamaliza lizani injini ndi kuyezanso ngati ikutchaja. Mawindo akasiya kukwera okha, kwezani lililonse mpaka pamwamba ndi kugwirabe batani masekondi angapo.

Pakatha mwezi, onaninso kulimba kwa zomangira. Ngati batire ndi la zitsekerero, madzi akhale pakati pa mizere iwiri ya m'mbali, ndipo powonjezera thirani madzi a batire okhaokha, osati asidi, osati a pampopi kapena a pamjigo. Galimoto ikaima masabata oposa awiri, chotsani mutu wa −. Kuiliza mphindi 10 ili pamalo amodzi sikudzaza batire. Iyendetseni pa msewu kwa theka la ola kapena kupitirira, apo ayi litchajitseni ndi tchaja.