Kupsompsona mwana wakhanda: choopsa chili pati, ndipo mungamuteteze bwanji

Mwana akangobadwa, thupi lake limakhala lisanaphunzire kulimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda. Chitetezo chomwe ali nacho amachitenga kwa mayi ake kudzera m'nsengwa, makamaka m'miyezi itatu yomaliza ya mimba, ndipo chimangomuthandiza pa matenda amene mayiyo anadwalapo kapena analandira katemera wake. Wobadwa masiku asanakwane amalandirako chochepa kwambiri. Katemera wa chifuwa chokoka mtima amayamba mwana akakwana masabata 6 kapena miyezi 2, malinga ndi dziko, pomwe wa fuluwenza saperekedwa mpaka atakwana miyezi 6.

Choncho m'miyezi itatu yoyambirira, malovu ndi mamina a munthu wina asafike pakamwa, pamphuno, m'maso kapena m'manja mwa mwana. Manja tawatchula dala. Ambiri amaganiza kuti kupsompsona tizala n'kosaopsa, koma mwana amatilowetsa m'kamwa nthawi iliyonse.

Zilonda za pamilomo

Choopsa kwambiri ndi kachilombo ka herpes ka mtundu woyamba, HSV-1. N'kamene kamayambitsa timatuza ta pamilomo totuluka munthu akatentha thupi, akatopa kapena akakhalitsa padzuwa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti anthu pafupifupi 64 pa 100 alionse osakwana zaka 50 padziko lonse ali nako, ndipo ambiri sadziwa. Kakalowa m'thupi sikachoka. Kamabisala m'mitsempha n'kumadzuka nthawi ndi nthawi.

Munthu amapatsira ena kwambiri kuyambira pamene mlomo wayamba kuyabwa kapena kunyerenyetsa, tsiku limodzi kapena awiri thuza lisanaoneke, mpaka nkhanambo itagwa ndi khungu kupola. Zonsezi zimatenga masiku pafupifupi 10. Koma kachilomboka kamathanso kupezeka m'malovu pamilomo palibe chilonda. N'chifukwa chake sikokwanira kuyang'ana milomo ya mlendo n'kumulola. Thuza la herpes limatulukanso pachala, ndipo chala choterocho chisakhudze mwana.

Kwa wamkulu ndi kachilonda chabe. Kwa mwana wosakwana masabata 6 matendawa amabwera m'njira zitatu. Akhoza kukhalira pakhungu, m'maso ndi m'kamwa. Akhoza kulowa mu ubongo n'kuutupitsa, zomwe kawirikawiri zimaoneka m'sabata yachiwiri kapena yachitatu ya moyo wake, ndipo ambiri mwa opulumuka amatsala ndi vuto la kukomoka, kuuma ziwalo kapena kuchedwa kukula. Kapenanso amafalikira m'chiwindi, m'mapapo ndi m'ziwalo zina. Mtundu womalizawu ukapanda kulandira mankhwala umapha ana pafupifupi 85 pa 100 alionse, ndipo ngakhale ndi mankhwala oyenera, pafupifupi 30 pa 100 amamwalirabe.

Tinene chilungamo: matendawa sapezekapezeka, ndipo ana ambiri owadwala amatenga kachilomboka pobadwa, kuchokera m'njira ya chiberekero. Otenga atabadwa kale ndi pafupifupi mmodzi mwa 10. Komatu amenewa ndi osavuta kuwateteza, popeza chofunika n'kungodziletsa kupsompsona. Mwana amene mayi ake sanakhalepo ndi herpes ndiye ali pachiopsezo chachikulu, poti sanalandire chitetezo chilichonse cha kachilomboka. Wa khungu losweka ndi zidzolo nayenso ngosavuta kutenga.

Chimfine chimene sichioneka choopsa

Kachilombo ka RSV kamapatsa wamkulu chimfine wamba. Mwa khanda kamatupitsa tinjira ta mpweya ta m'mapapo, tomwe n'tating'ono kale, mpaka mwana kubanika kapena kusiya kupuma kwa kanthawi. Kamakhala kamoyo kwa maola angapo pa zinthu zolimba monga foni ndi chogwirira chitseko. Chifuwa chokoka mtima nachonso chimabisala: wamkulu amangotsokomola kwa masabata angapo osadwalika, pomwe khanda mwina silitsokomola n'komwe, limangoima kupuma n'kusintha mtundu. Fuluwenza ndi COVID-19 zimayenda m'njira yomweyo. Munthu amene watsokomola kupitirira masabata 2 asayandikire mwana mpaka atayezetsa chifuwa chachikulu.

Kakonzedwe ka alendo

Mayi ndi bambo, gwirizanani awirinu mwana asanabadwe, ndipo uzani achibale nthawi ikadalipo. Kuletsa agogo atanyamula kale mdzukulu n'kovuta kuposa kuwauziratu pafoni. Mawu ake asakhale ambiri: "Agogo, munyamuleni mmene mungafunire, koma achipatala atilangiza kuti asapsompsonedwe mpaka atakwana miyezi itatu. Tikupempha aliyense chimodzimodzi." Lamulo likakhala la onse, palibe amene amadziona ngati akumuganizira kuti ali ndi matenda. Aliyense alankhule ndi abale a kwawo, zimaphweka.

Mlendo asanagwire mwana asambe m'manja ndi sopo kwa masekondi 20, kuphatikizapo pakati pa zala ndi m'zikhadabo, kenako aumitse ndi nsalu yoyera. Madzi akasowa, sanitaiza yokhala ndi alcohol wosachepera 60 pa 100 imathandiza, bola aidikire iume. Akagwira mphuno, pakamwa kapena foni, asambenso. Wa chimfine, chifuwa, zilonda za pakhosi, kutentha thupi, kutsekula m'mimba kapena thuza pamlomo abwere tsiku lina. Kunena kuti "ndi kachimfine chabe" si chifukwa chomulolera.

Ana aang'ono a m'nyumba momwemo ndi amene amabweretsa tizilombo tambiri, makamaka opita ku sukulu ya mkaka. Simungawaletse kukonda mng'ono wawo, koma aphunzitseni kugwira mapazi atasamba m'manja, osati nkhope, ndipo musawasiye okha ndi mwana.

Malovu amafikanso kwa mwana popanda kupsompsona. Osayamwa kamphira kake koyamwa kuti mukayeretse kakagwa pansi, osalawa mkaka pa nsonga ya botolo, osapukuta nkhope yake ndi chala chonyowetsa malovu, osamuuzira mpweya kumaso.

Nanga makolo?

Mayi ndi bambo amene alibe chimfine kapena chilonda angathe kupsompsona mwana wawo. Pamwamba pa mutu ndi pabwino kuposa pamilomo. Kumunyamula, kumugoneka pachifuwa khungu kukhudzana ndi khungu, ndi kuyamwitsa zipitirire, chifukwa zimenezi zimamuteteza.

Kholo likatuluka thuza pamlomo, lisiye kupsompsona mpaka papoleretu. Valani masiki ponyamula kapena poyamwitsa, sambani m'manja musanamugwire, ndipo thaulo, kapu ndi supuni zanu zikhale zanuzanu. Mankhwala opaka a acyclovir amafupikitsako masiku a chilonda mukawayamba msanga, koma sakutanthauza kuti mwasiya kupatsira. Kuyamwitsa musasiye, kachilomboka sikadutsa mu mkaka. Pokhapokha thuza likatuluka pa bere: mwana asayamwe bere limenelo, mkaka wake muufinye n'kutaya kuti lisatupe, phimbani chilondacho, ayamwe linalo, ndipo onanani ndi dokotala tsiku lomwelo.

Woyembekezera afunse ku sikelo ngati katemera wa chifuwa chokoka mtima, wa fuluwenza kapena wa RSV akupezeka kumene ali. Akabayidwa ali ndi pakati, chitetezo chimafika kwa mwana asanabadwe. Auzenso azamba ngati iye kapena mwamuna wake anatulukapo matuza kumaliseche.

Ngati wapsompsonedwa kale

Wina wa chilonda pamlomo akamupsompsona, tsukani pamalopo ndi madzi ndi sopo wofewa. Musapake spiriti kapena sanitaiza pakhungu la khanda. Kutsukaku sikutsimikiza kuti mwapewa, choncho lembani tsiku lake ndipo dziwitsani namwino kapena dokotala tsiku lomwelo. Zizindikiro zimayamba kawirikawiri pakati pa masiku 2 ndi 12, koma khalani tcheru mpaka mwana atadutsa masabata 6.

Cholakwika chachikulu n'kudikira matuza. Ana ena amene kachilomboka kawalowa mu ubongo kapena m'chiwindi satuluka thuza ngakhale limodzi. Chimayamba n'kusintha kwa khalidwe: mwana amene amayamwa bwino ayamba kukana bere, kugona osadzuka nthawi yoyamwa, kufooka thupi lonse, kapena kulira mokuwa kosatonthozeka.

Thamangirani kuchipatala, usiku kapena usana, mukaona chimodzi mwa izi. Kutentha thupi kofika madigiri 38 mwa mwana wosakwana miyezi itatu, kapena kuzizira kotsika pansi pa 35.5. Kupuma ka 60 kapena kupitirira pa mphindi imodzi, kubuula popuma, kapena chifuwa kulowa kwambiri pansi pa nthiti. Kusiya kupuma kwa masekondi 20, kapena milomo ndi lilime kuda. Kukomoka, kapena kanthu kakang'ono ngati kugwedezeka kwa dzanja limodzi kobwerezabwereza. Liwombo kutupa mwana ali chete. Maso ofiira otuluka madzi kapena mafinya, chikasu chowonjezereka, magazi otuluka pamchombo kapena m'kamwa. Matewera onyowa osakwana 6 pa tsiku mwa mwana wopitirira masiku 5 amasonyeza kuti sakuyamwa mokwanira.

Kutentha kuyezeni m'khwapa ndi choyezera, mkono utatsamira thupi, osati ndi dzanja pamphumi. Kupuma kuwerengeni mphindi yathunthu mwana ali phee, chifukwa makanda amapuma modukizaduka ndipo masekondi 15 angakusokeretseni. Mukapeza 60, werenganinso.

Matuza a herpes amakhala ang'onoang'ono, a madzi, owundana pamodzi, ndipo pakhungu lakuda kufiira kozungulira sikuoneka bwino. Amasiyana ndi timadontho toyera tolimba ta pamphuno tomwe makanda ambiri amabadwa nato. Musawaphulitse kapena kupakapo chilichonse. Ajambuleni ndi foni kuti dokotala aone mmene anayambira. Musamupatse paracetamol n'kudikira kuti kuche, chifukwa amangobisa kutentha matenda akupitirira.

Mukafika, nenani msinkhu wa mwana m'masiku, ndipo nenani poyera kuti anapsompsonedwa ndi munthu wa chilonda pamlomo pa tsiku lakuti. Mawu amenewa ngofunika chifukwa herpes wa khanda amafanana ndi matenda a mabakiteriya m'magazi, ndipo maantibayotiki sapha kachilomboka. Madokotala amatenga magazi, amapukuta m'kamwa, m'maso ndi pamatuza kuti akayeze, ndipo kawirikawiri amatenga madzi a mumsana. Makolo ambiri amaopa zimenezi, koma ndi njira yodziwira ngati ubongo wakhudzidwa, ndipo ndi imene imasonyeza kutalika kwa chithandizo. Acyclovir amayambidwa zotsatira zisanatuluke, kudzera m'dripi maola 8 alionse: masiku 14 ngati matenda ali pakhungu, m'maso ndi m'kamwa pokha, masiku 21 ngati afika mu ubongo kapena m'ziwalo zina. Akatuluka m'chipatala, mwana amapitiriza mankhwala akumwa kwa miyezi 6, ndipo mlingo wake umakwezedwa akamanenepa, choncho musadumphe masiku okayezetsa kulemera ndi magazi.