Tembenuzani mbale kaye musanafunse mtengo

Ndimatolera mbale zadothi zakale za ku China ndi Japan, makamaka zoyera zojambulidwa ndi buluu, ndipo ndikulembera anzanga omwe tili kuno ku Britain amene mumaziona pa car boot (msika womwe anthu amagulitsa katundu wakale wa m'nyumba zawo), m'mashopu a charity kapena ku okushoni n'kumadzifunsa ngati n'zakaledi. Mbalezi zachuluka kuno pa chifukwa chomveka. M'zaka za m'ma 1700, zombo za East India Company zinkapita ku doko la Canton ku China kukatenga tiyi, ndipo pansi pa mabokosi a tiyi ankayalapo mabokosi a mbale, poti mbale siziopa chinyontho ndipo zinalibe fungo lowononga tiyi. Zinabwera zambirimbiri, mabanja anadyeramo, n'kuzisiya m'makabati, ndipo lero mdzukulu akamasesa nyumba ya agogo zimatulukira pamsika.

Ngati mukuyamba kumene, sankhani mtundu umodzi. Ine ndimati yambani ndi mbale za buluu zomwe ankapangira msika wa ku Ulaya m'nthawi ya mfumu Qianlong, kuyambira 1736 mpaka 1795. Pafupifupi zonse zinaumbidwa ku Jingdezhen m'chigawo cha Jiangxi, ndi dothi loyera la kaolin losakaniza ndi mwala wopera, n'kuwotchedwa pa moto wa madigiri pafupifupi 1,300. Yobenthuka pang'ono mukhoza kuipeza ndi mapaundi makumi ochepa chabe, ndipo achinyengo satayira nthawi yambiri pa katundu wotchipa chotere. Mukagwira zoterezi kambirimbiri, manja anu adzadziwa kulemera kwake ndi kusalala kwake, ndipo chidziwitso chimenecho mudzapita nacho pa zodula.

Muthumba muziyenda ndi tochi yaing'ono, kagalasi kokuza zinthu kakhumi, ndi tochi ya UV. Mukaona mbale yakusangalatsani, pemphani mwini wake kuti muigwire, igwireni ndi manja awiri pamwamba pa tebulo, kenako itembenuzeni. Maluwa a pamwamba aliyense angathe kukopera. Thako la mbale ndi lovuta kunamiza.

Pathako pali mkombero umene mbale imakhalira, ndipo m'mphepete mwa mkomberowo mulibe chikuto chonyezimira chija ogulitsa amati glaze, chifukwa akanachisiya mbale ikanamatirira mu uvuni. Apo mumaona dothi lenileni. Pa mbale ya m'ma 1700 dothilo limakhala loyera, lothinana, ndipo mukayendetsapo chala limaterera chifukwa lakhala likukhuzika pa matebulo zaka zoposa 200. Pomwe glaze ikuthera kawirikawiri pamakhala kamzera kofiirira ngati dzimbiri, kochokera ku chitsulo cha m'dothimo. Glaze yake siyera mbee, imapendekera ku buluu kapena kubiriwira pang'ono, makamaka pomwe yadikha m'ngodya ya mkombero, ndipo mupezamo timadontho takuda ndi timabowo tonga pobaya singano. Ndikaona thako loyera ngati pepala, lopanda chilema ngakhale chimodzi, ndimaibweza mbaleyo. Ndikaonanso thako lakuda mofanana paliponse, ndimanyowetsa chala n'kupukuta: litsiro lochita kupaka ndi tiyi kapena polishi limachoka kapena kusiya mizere. Yang'anani ndi kagalasi zokanda za pakati pa mbale. Za mipeni ndi mafoloko zimapita uku ndi uku, zina zakuya zina zosaya. Zochita kupala dala zimayenda mbali imodzi.

Kenako bwererani pamwamba muone ngati chithunzicho n'chojambula pamanja. Buluu ameneyu ndi kobalti, ankamupaka ndi burashi asanaike glaze. Burashi imasiya umboni: mzere umayamba wakuda n'kumatuwa, ndipo masamba awiri safanana ndendende. Chodinda chimaoneka timadontho kapena timizere tofanana, ndipo m'mphepete mudzapeza pomwe pepala lodindira linalumikizana molakwika. Apa m'pomwe ambiri amagwera. Mbale ya mtengo wa willow, mlatho wa anthu atatu ndi mbalame ziwiri mumlengalenga si ya ku China. Inayambira ku England cha m'ma 1790, ndipo mafakitale a ku Staffordshire anaidinda mosawerengeka.

Chizindikiro cha pathako muchiwerenge komalizira. Chodziwika kwambiri chimakhala ndi zilembo 6 za Chitchaina, zowerengedwa kuchokera pamwamba kutsika, kuyambira kumanja, zonena dzina la ufumu ndi la mfumu, monga Kangxi amene analamulira kuyambira 1662 mpaka 1722. Vuto n'lakuti amisiri a ku China ankalemba mayina a mafumu akale pa katundu watsopano, nthawi zina pofuna kulemekeza ntchito ya makolo, nthawi zina pofuna kugulitsa. Mbale zambiri zenizeni za nthawi ya Kangxi zili ndi dzina la Chenghua, mfumu ya ufumu wa Ming ya 1465 mpaka 1487. Mu 1677 mkulu wa boma ku Jingdezhen analetsa kulemba dzina la mfumu pa mbale poopa kuti lingasweke pamodzi ndi mbaleyo, n'chifukwa chake zina za nthawiyo zimangokhala ndi mizere iwiri yozungulira, m'kati mopanda kanthu kapena muli tsamba. Pomwe miphika yambiri yomwe mudzaipeze ndi dzina la Kangxi, makamaka ya zilembo 4, ndi ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Imeneyo ndi yakale ndithu ndipo ina ndi yokongola, koma muilipire mtengo wa zaka zake. Mbale za Qianlong zomwe ndakuuzani kuti muyambire zija nthawi zambiri sizikhala ndi chizindikiro n'komwe. Ndipo wina akakuonetsani kakapu kojambulidwa nkhuku kokhala ndi dzina la Chenghua, dziwani kuti timakapu tenitenito todziwika sitikwana 20 padziko lonse, ndipo kamodzi kanagulidwa ku okushoni ya Sotheby's ku Hong Kong mu 2014 pa madola a ku America pafupifupi 36 miliyoni. Kotero komwe kali pa tebulo la car boot ndi kokopera.

Zilembo za Chingerezi ndiye zimathandiza. Lamulo la ku America la 1890 linafuna kuti katundu wolowa m'dzikomo azilembedwa dziko lochokera. Mukaona CHINA, mbaleyo ndi ya 1891 kapena pambuyo pake, ndipo Made in China ndi ya m'ma 1900. NIPPON ndi ya pakati pa 1891 ndi 1921. Made in Occupied Japan ndi ya zaka zochepa zotsatira nkhondo yachiwiri, kufikira 1952.

Kusiyanitsa za ku Japan ndi za ku China kumavuta kwambiri pa Imari, mbale za buluu, kufiira ndi golide. Dothi loyenera linapezeka ku Arita pa chilumba cha Kyushu ku Japan cha m'ma 1616, ndipo mbiri imatchula mmisiri wa ku Korea Yi Sam-pyeong. Mbalezo zinkatuluka kudzera pa doko la Imari. Nkhondo zotsatira kugwa kwa ufumu wa Ming mu 1644 zitasokoneza Jingdezhen, Adatchi omwe anali pa kachilumba ka Dejima ku Nagasaki anayamba kugula zambiri ku Arita kuyambira 1659. Jingdezhen itadzuka inakopera Imari n'kumagulitsa motchipa. Posiyanitsa, tembenuzaninso. Mbale zazikulu za ku Arita ankazichirikiza mu uvuni ndi timisonga tadothi kuti pakati pasagwere, ndipo timisongato tinkasiya zipsera zing'onozing'ono pathako, zitatu, zinayi kapena zisanu. Za ku China nthawi zambiri zilibe zipserazo, ndi zopyapyala ndiponso zopepuka. Imari yochuluka pamsika, ya m'mphepete mokhotakhota, ndi ya nthawi ya mfumu Meiji ya ku Japan, 1868 mpaka 1912, kapena pambuyo pake. Satsuma, yomwenso ndi ya ku Japan, ya mtundu wa kirimu yokhala ndi timing'alu tosaoneka bwino pa glaze, ndi dothi lina lomwe kuwala sikudutsa mukaunika ndi tochi. Yabwino imakhala ndi nkhope zojambulidwa mosamala ngakhale pansi pa kagalasi. Yochuluka ndi ya golide wothimbirira ndi nkhope zothamangira, ndipo ine ndimaidutsa.

Tsopano zilema. Ikani mbale pa nsonga za zala zitatu n'kuigogoda ndi chikhadabo, monga amachitira amayi pogula mphika wadothi pamsika. Yabwino imalira nthawi yaitali, ya mng'alu imangoti phwa. Unikani ndi tochi kuchokera kumbuyo, mng'alu wobisika uoneka. Yendetsani chala m'mphepete monse: pomwe anakonza pamamveka pofunda ndi pofewa ngati pulasitiki, ndipo pa tochi ya UV pamawala mosiyana ndi pena ponse. Kubenthuka kwa glaze kwa timalo ting'onoting'ono m'mphepete n'kwachibadwa pa mbale za m'ma 1600 ndi za Kangxi, sikundiletsa kugula. Zomangidwa ndi timawaya tachitsulo kumbuyo ndimazikonda kwambiri. Munthu anaboola timabowo ndi dzanja n'kulumikiza zidutswa chifukwa mbaleyo inali ya mtengo wapatali kwa mwini wake, ndipo lero zimatchipa. Chomwe sindifuna ndi chilema chobisidwa ndi penti wogulitsa n'kukhala chete.

Njira ina yabwino yophunzirira ndi mbale za m'zombo zomira, poti chaka chake chimadziwika. Geldermalsen, chombo cha Adatchi, chinamira mu 1752, ndipo mbale zake zoposa 150,000 zinagulitsidwa ku okushoni ya Christie's ku Amsterdam mu 1986 pa dzina la Nanking Cargo. Tek Sing inamira mu 1822, ndipo katundu wake anagulitsidwa ku Stuttgart mu 2000. Zambiri zikadali ndi kapepala ka okushoni pathako. Musakachotse, koma musagulenso kapepala kokha, chifukwa kamatheka kusamutsidwa. Glaze ya mbale yokhala m'nyanja nthawi zambiri imazimirira kuwala.

Pitaninso mukaone zenizeni. Ku British Museum kuli zosonkhanitsa za Sir Percival David, kuphatikizapo miphika iwiri ya buluu yolembedwa chaka cha 1351, ndipo ku Victoria and Albert Museum kuli mashelefu odzaza mbale zogulitsa kunja. Kulowa n'kwaulere. Ku okushoni, masiku oonetsa katundu amalola kugwira, ndipo palibe amakukakamizani kugula. Mapale nawo musawanyoze, chifukwa phale limakuonetsani m'kati mwa dothi. Ngakhale kwathu mapale otere alipo: Dr Yusuf Juwayeyi pofukula ku Mankhamba pafupi ndi Mtakataka, likulu lakale la Amaravi, anapeza zidutswa za mbale za ku China pamodzi ndi mikanda ya galasi. Zoterozo n'za fuko, malo ake ndi ku myuziyamu, ndipo chofukulidwa mobisa kulikonse musachigule.

Pogula ku okushoni werengani bwino mawu a m'kabuku. Akalemba kuti chizindikiro ndi nthawi zikugwirizana, akulonjeza zaka. Akangolemba kuti pali chizindikiro cha Qianlong, sanalonjeze kanthu. Pemphani lipoti la zilema ndi zithunzi za pathako, ndipo kumbukirani kuti pamwamba pa mtengo umene mwapambanira amawonjezera yawo, kawirikawiri 20 mpaka 30 pa 100 iliyonse.

Za mipando ndi tizokongoletsa ndinene mwachidule. Kabati yakale ya ku China imalumikizidwa ndi mano a matabwa, osati zomangira za sikuluu, ndipo kumbuyo ndi pansi pa madirowa pamaoneka ntchito ya dzanja. Matabwa a rosewood ali pansi pa malamulo a CITES, pangano la mayiko loteteza mitengo ndi nyama zomwe zikutha, kuyambira 2017, ndiye funsani za mapepala musanatumize kunja. Mipando yatsopano yofiira yokopera yakale ndimaipewa, podziwa momwe msika umenewo wathera mitengo ya mukula ku Zambia. Tiziboliboli tambiri ta ku Japan, kuphatikizapo tokoleka palamba totchedwa netsuke, n'ta minyanga ya njovu, ndipo kuyambira June 2022 kugula kapena kugulitsa minyanga ku Britain n'koletsedwa kupatula zochepa zolembetsedwa ku boma.

Mukafika nayo kunyumba, yalani thaulo m'beseni la pulasitiki, thirani madzi ofunda ndi sopo wochepa, tsukani imodziimodzi. Musaiike m'makina otsukira mbale, musathire jiki chifukwa amalowa m'ming'alu n'kudzawononga pambuyo pake, ndipo pa golide musakhule. Yokonzedwa ndi guluu kapena timawaya musaiviike, ingopukutani ndi kansalu konyowa. Za mitundu yopakidwa pamwamba pa glaze musadyeremo, utoto wake umakhala ndi mtovu. Pokoleka pakhoma pewani mawaya a sipuling'i opanda pulasitiki, amabenthula m'mphepete. Pomaliza lembani m'kope komwe mwaigula, tsiku, mtengo, kukula kwake ndi zilema zake, n'kusunga lisiti pamodzi ndi chithunzi cha kutsogolo ndi cha pathako.