Mmene ndinapezera podontha padenga pogwiritsa ntchito drone

Nyumba yathu ili pafupi ndi nyanja yamchere, ndipo mvula ikagwa madzi ankadontha pakona ya chipinda chogona. Denga lake ndi lotsetsereka kwambiri moti kukwerapo n'kuika moyo pachiswe, choncho ndinabwereka drone, kandege kakang'ono kokhala ndi kamera komwe munthu amakaulutsa ali pansi.

Tsiku loyamba ndinaiulutsa masana. Zithunzi zinatuluka mbuu, dzuwa likunyezimira pamalata, mphepo yochokera kunyanja n'kumaikankhira uku ndi uku. Mphepo imeneyi imakula masana chifukwa mtunda umatentha msanga kuposa madzi. Ndikaiyandikiza kwambiri pamalata inkasocheranso, poti zitsulo zimasokoneza kampasi yake, kachipangizo koithandiza kudziwa komwe yaloza.

Mawa lake ndinadzuka cha m'ma 6 koloko, kunja kuli zii. Kampasi ndinaikonzera pa udzu, kutali ndi galimoto ndi mpanda wawaya, ndipo drone ija ndinkaiimika m'mwamba mamita atatu kapena anayi kuchokera padenga. Kamera sindinailozetse pansi chindunji. Ndinaipendeketsa kuti mthunzi uzionetsa pamene lata latukuka.

Apa m'pamene ndinaona chenicheni. Malata anali bwinobwino ndithu, koma misomali ya mzere wapamwamba inali itadyeka ndi dzimbiri, timphira ta pansi pake titang'ambika ngati chikopa chouma. Mchere wa mumpweya umayambira pamenepo kudya. Misomali itatu inali itazuka, mizere yofiirira ikutsika ndi lata kuchokera pa iliyonse.

Mmisiri anakwera kamodzi kokha, akudziwa kale popita, n'kuikapo zomangira zosachita dzimbiri. Drone ija ndinaipukuta ndi kansalu konyowa pang'ono ndisanaibweze, chifukwa mchere umaumira m'mapiko ndi pagalasi la kamera.