Momwe mungakwerere phiri lamoto la Concepción pachilumba cha Ometepe

Pakati pa nyanja ya Nicaragua, m'dziko la Nicaragua ku Central America, pali chilumba cha Ometepe chomwe chinapangidwa ndi mapiri awiri amoto. Limodzi, Maderas, linagona kalekale moti pansonga pake pali kadziwe. Linalo, Concepción, lidakali maso: limafuka, ndipo nthawi zina limalavula phulusa monga linachitira mu 2010. Ndi limeneli lomwe apaulendo oyenda ndi chikwama kumsana amaliyendera mtunda wautali.

Kutalika kwake ndi mamita 1,610. Amene anapondapo pa Sapitwa, pa mamita 3,002, angaliderere, koma asafulumire. Concepción mumayamba kulikwera muli chakumunsi kwenikweni, pafupi ndi nyanja, ndiye pafupifupi mamita onsewo ndi ntchito ya miyendo yanu, kukwera ndi kutsika tsiku lomwelo. Ambiri zimawatengera maola 8 mpaka 10.

1. Sankhani nyengo

Mvula kumeneko imagwa kuyambira Meyi mpaka cha mu Novembala, ndipo njira imaterera koopsa. Pitani pakati pa Disembala ndi Epulo. Komabe dziwani kuti miyezi yopanda mvulayi ndiyo imakhalanso ndi mphepo yamphamvu, makamaka kumayambiriro a chaka. Musanagule tikiti, fufuzani malamulo a visa okhudza pasipoti yanu, ndipo masiku aulendo akayandikira muzitsatira zomwe likunena bungwe la INETER, lomwe limayang'anira zivomezi ndi mapiri amoto m'dzikolo.

2. Fikani pachilumbapo

Kuchokera ku Managua, likulu la dzikolo, kwerani basi yopita ku tauni ya Rivas pamsika wa Roberto Huembes. Ochokera ku Costa Rica amalowera pachipata cha Peñas Blancas n'kufikanso ku Rivas komweko. Pamenepo tengani takisi ya kudoko la San Jorge, si patali. Sitima imatenga pafupifupi ola limodzi kukafika ku Moyogalpa, tauni ya pachilumbapo. Palinso maboti ang'onoang'ono otsika mtengo, koma nyanjayi ikawinduka amakhutchumuka kwambiri. Ngati mumachita nseru pamadzi, dikirani sitima yaikulu.

Gonani ku Moyogalpa kapena ku Altagracia, chifukwa njira zokwerera phirili zimayambira kufupi ndi matauni awiriwa. Ndalama yawo ndi córdoba, ngakhale madola a ku America amalandiridwanso m'malo ambiri. Yendani ndi ndalama m'thumba, musadalire khadi la kubanki. Ndipo musakwere phiri m'mawa wa tsiku lotsatira mutangofika. Lipatseni thupi tsiku limodzi lozolowera kutentha.

3. Pezani wolondolera njira

Apa palibe zokambirana. Saloleza kukwera Concepción popanda wolondolera, ndipo lamuloli silinangoikidwa kuti anthu apezerepo ndalama: alendo anasocherapo m'mapiri a pachilumbachi, ena mpaka kutaya moyo. Mtambo ukatsika, tinjira ndi zigwembe zomwe madzi anakumba zimaoneka chimodzimodzi.

Malo ogona alendo amakulumikizani ndi olondolera, koma kumanani naye madzulo ake, musamuonere m'mawa muli kale pamsewu. Mufunseni kuti gulu likhala la anthu angati, mtengo ukuphatikiza galimoto yokakusiyani poyambira njira kapena ayi, komanso zichitika n'zotani wina akatopa pakati panjira. Funso lomalizali ndilo lofunika kwambiri. Gulu lalikulu lokhala ndi wolondolera mmodzi likutanthauza kuti mmodzi akagonja, nonse mubwerera. Olondolera ambiri amalankhula Chisipanishi, choncho ngati mukufuna wodziwa Chingerezi nenanitu.

4. Longedzani mopepuka

Chikwama chachikulu chisiyeni kumalo ogona. M'kachikwama kakang'ono ikani madzi osachepera malita 3, pakuti m'njiramo mulibe potunga. Onjezani nthochi, mtedza ndi buledi, tochi yovala pamutu, chipewa, mafuta oteteza kudzuwa ndi jekete lotchinga mphepo. Munthu akamatuluka thukuta m'munsi, jeketelo limaoneka ngati katundu wachabe, koma pamwamba mudzalifuna. Nsapato zikhale zogwira bwino pansi komanso zoti mapazi anu anazizolowera kale. Magolovesi akale, ngakhale a kudimba, amathandiza chifukwa miyala ya kumtunda ndi yakuthwa.

5. Tsiku lokwera

Nyamukani kusanache. Ola lililonse lomwe mwayenda dzuwa lisanakwere mwapulumutsa madzi ndi mphamvu.

Chigawo choyamba n'chokoma. Mumadutsa m'minda ya nthochi ndi modyetsera ng'ombe, kenako mumalowa m'nkhalango momwe anyani a kumeneko amabangula mwakuti mlendo amayesa chilombo chachikulu. Musatengeke n'kuyamba liwiro. Yendani pang'onopang'ono, imwani madzi pafupipafupi musanamve ludzu.

Cha pa mamita 1,000 pali malo oonerapo otchedwa El Floral. Mitengo imathera chapomwepo, ndipo kukakhala kopanda mitambo mumaona nyanja ndi gombe la kutsidya. Khalani pansi, idyani, ndipo mudzifunse moona mtima. Ngati mawondo ayamba kunjenjemera, kapena madzi atsala ochepera theka, bwererani pomwepo. Anthu ambiri amathera apa, ndipo kunena zoona, nthawi zambiri amaona zokongola kuposa omwe apitirira, chifukwa nsonga ya Concepción imakonda kufunda mtambo.

Kupitirira apo ndi nkhani ina. Phiri limaima chiriri, pansi pamakhala miyala yosagwira ndi mchenga wakuda, mukaponda kawiri mwabwerera kamodzi. Malo ena mumakwawa ndi manja. Siyani mpata pakati pa inu ndi amene ali patsogolo, ndipo mukagubuduza mwala fuulani kuti a m'munsi apewe. Mukayandikira pamwamba, fungo la mazira owola limakulandirani, ndi mpweya wa sulufule umenewo, ndipo malo ena nthaka imafunda mukaigwira. Omwe ali ndi mphumu asafike kumeneku.

Pamlomo pa chidzenje cha phirilo musachedwepo. Mphepo imatha kukukankhani, choncho khalani chogwada, jambulani msanga, ndipo musasunthire m'mphepete pofuna chithunzi chabwino. Wolondolera akati titsike, ngakhale nsonga ikuoneka apo, musatsutsane naye.

6. Kutsika

Ambiri amavulala potsika, atatopa ndiponso maganizo ali kale pa chakudya. Pondani cham'mbali, mawondo opindika pang'ono, ndipo potsetsereka kwambiri khalani pansi muzitsika chokhwekhwereza. Thalauza likang'ambika mudzasoka.

Tsiku lotsatira musakonze ulendo wina wolemetsa. Kadyeni gallo pinto, mpunga wokazinga pamodzi ndi nyemba womwe amadya m'mawa, kenako mukaviike miyendo m'madzi ozizira a pakasupe wa Ojo de Agua. Ngati mukufuna kukweranso Maderas, wa mamita 1,394, dikirani masiku awiri kapena atatu, ndipo mukonzekere matope, pakuti nkhalango yake imakhala yonyowa pafupifupi chaka chonse.