Mukafuna kulemba nkhani zachikondi, phunzirani kulekanitsa anthu

Masana ndimasoka zovala ku Mchesi. Nkhani zachikondi ndimalemba 4 koloko m'mawa, ana asanadzuke kufuna phala, chifukwa ndi nthawi yokhayo imene palibe wogogoda kudzafunsa ngati diresi lake latha. Atsikana angapo akhala akundifunsa kuti ayambire pati, ndiye ndati ndifotokoze mmene ndimachitira ineyo, wofuna atolepo.

Yambani ndi muyeso wa tsiku. Wanga ndi mawu 600, kaya mtima ukufuna kaya sukufuna. Timabuku tachikondi ta Mills & Boon tija tinkabisa m'kati mwa buku la sayansi kusekondale, tambiri timakhala ndi mawu pafupifupi 50,000. Pa muyeso wangawu ndi masiku 84 basi, miyezi itatu yosakwana. Barbara Cartland, wolemba nkhani zachikondi wa ku England, analemba mabuku 723, ndipo ankangokhala pa sofa n'kumayankhula, mlembi wake akulemba. Ife mlembi tilibe, koma foni imajambula mawu. Ganizo likandifikira ndikupinda mpendero wa siketi, ndimaliyankhulira mu foni, m'mawa mwake n'kulilemba bwino.

Tsono nayi ntchito yeniyeni. Wowerenga amadziwa kuyambira tsamba loyamba kuti awiriwa adzatengana. Sakuonongera bandulo yake kuti adziwe zimenezo. Akufuna aone chimene chikuwaletsa, ndipo chimenecho chikhale cholemera moti nayenso asowe tulo. Olemba ongoyamba amakonda chopinga chopepuka: mtsikana waona bwenzi lake likuseka ndi mkazi wina mu lesitilanti, kenaka magawo khumi akulira, pomaliza n'kupezeka kuti anali mchemwali wake. Vuto limene lingathe ndi foni imodzi si vuto. Wowerenga amangoti, “Bwanji osangomufunsa?” n'kutseka.

Chopinga chabwino ndi chimene mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo. Kwathu kuno sitisowa zoterezi. Tengani mnyamata wa ku Mzimba, kumene amalowola, mkazi amapita kwa mwamuna ndipo ana ndi a kuchimuna. Mumupatse mtsikana wa ku Dedza, kumene mwamuna amakakhala chikamwini ndipo ana ndi mbumba ya malume. Bambo a mnyamatayo sakulakwa, malume a mtsikanayo sakulakwanso, ankhoswe akungoyendera madzi a m'mabondo. Pamenepo muli ndi magawo 30 osachita kupanga mfiti kapena mwana wa bwana woipa mtima. Kapena mwamuna ali ku Joni chaka chachinayi, mapepala ake anatha, ndalama amatumiza mwezi ndi mwezi koma maliro a apongozi ake sanabwere. Mkazi adikire mpaka liti? Ndipo mphunzitsi wina amene amamuthandiza kunyamula thumba la chimanga pochokera kuchigayo, tinene kuti ndi woipa?

Ndisanalembe gawo loyamba ndimagula kope la ana asukulu. Munthu aliyense wa m'nkhani amakhala ndi tsamba lake: chimene akufuna, chimene akuopa, ndi bodza limene amadzinamiza nalo yekha. Pansi pake ndimalemba tinthu tating'ono, dzina la mudzi, mpingo wake, ana alipo angati kwawo. Ndinaphunzira mowawa. Nkhani ina mayi wa mnyamata anali wa Mvano m'gawo 3, pofika gawo 19 ndinamuveka yunifolomu ya mpingo wina. Owerenga sanandikhululukire sabata yonse.

Kumapeto kwa kope lomwelo ndimasungako mawu otola. Mu minibasi ya ku Area 25, kusaluni, pa mzere wa kuchipatala, anthu amayankhula bwino kuposa mmene ife tingapekere. Pantchito yanga ndiye pabwino zedi, chifukwa mkazi akamayesedwa diresi la chinkhoswe amaulula zonse. Mayina ndi nkhope ndimasiya pomwepo, ndimatenga kayankhulidwe kokha.

Mawu akuti “ndimakukonda” muwaumire ngati mchere wa kumapeto kwa mwezi. Chichewa chili ndi chida chimene ambiri sachiona: inu ndi iwe. Awiriwa ayambe ndi “Mwaswera bwanji, achemwali?” ndi “Zikomo, achimwene.” Apitirize choncho magawo ambiri. Tsiku limene mnyamata adzalakwitse n'kunena kuti “Iwe, samala matopewo,” onse awiri n'kukhala chete, wowerenga adzamva kuti chinachake chasweka, chosabwezeka. Akadzayambana, mtsikana abwerere ku “inu” wozizira uja, ndipo simudzafunika kulemba kuti anakwiya. Chimodzimodzi zochita: kuperekezana mpaka pa mlatho, woperekezedwayo n'kuperekezanso mnzake, mpaka dzuwa kulowa.

Za kuchipinda aliyense ali ndi malire ake. Ine ndimatseka chitseko n'kuyamba ndime ina tambala atalira, chifukwa azakhali anga amawerenga nkhani zanga ndipo timakumana kutchalitchi. Sankhani malire anu pachiyambi, musawasunthe pakati pa nkhani pofuna kukopa anthu.

Ngati mukutulutsa nkhani m'magawo pa Facebook kapena pa WhatsApp, musaike gawo loyamba musanamalize asanu. Kudzagwa maliro, mwana adzadwala, magetsi adzazima foni ilibe moto, ndipo magawo osungawo ndi amene adzakuombolani. Gawo lililonse lithere pamene wina wagogoda, kapena pamene funso lafunsidwa koma yankho lisanabwere. Owerenga adzakulamulani kuti uyu afe, uyu akwatiwe ndi dokotala. Muziwamvera pofuna kudziwa pamene mtima wawo wagunda, koma chiwongolero musawapatse.

Mukamaliza, werengani mokweza. Pamene lilime lapunthwa, chiganizocho n'cholakwika, kawirikawiri chimakhala Chingerezi chovala chitenje. Kenaka patsani munthu mmodzi amene sakuopani. Wanga ndi mnzanga wogulitsa tomato, amene amandibwezera foni n'kunena kuti, “Asisi, apa mwanama, mwamuna sayankhula chonchi.” Ndipo Loweruka lililonse dzitumizireni zonse pa imelo. Foni yanga ina inapita mu chipwirikiti cha mu depoti pamodzi ndi magawo 11, ndipo olembanso kachiwiri sanakome ngati oyamba aja.

Ndalama zake musasiyire ntchito msanga. Ine ndimaika magawo oyamba poyera, otsalawo ndimagulitsa ngati PDF, anthu amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba. Wogula mmodzi amatumizira gulu lonse la kumpingo, zimenezo dziwiranitu. Ndimalemba dzina la wogula pa tsamba lililonse, manyazi amachepetsako kugawa. Pitaninso ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso, mukamve mmene mungatetezere zolemba zanu, ndipo dziwanani ndi alembi ena kudzera ku Malawi Writers Union. Kumeneko n'kumene mumamva za mipikisano ndi za osindikiza.

Chizolowezi chomaliza ndi chimene chimandidzutsa. Sindisiya kulemba pamene nkhani yandithera, ndimasiya pamene ndikudziwa chotsatira, nthawi zina pakati pa chiganizo. M'mawa wa lero ndamusiya mnyamata wa ku Mzimba uja ataima mu depoti ya Mzuzu, tikiti ya ku Lilongwe ili m'manja, foni ikuitana, ndipo woimbayo ndi bambo ake. Mawa 4 koloko ayankha.