Mmene Dera Lingakhazikitsire Zolinga Zoyezeka pa Maphunziro, Chuma cha Mabanja ndi Umoyo

Misonkhano yambiri ya chitukuko imatha anthu atagwirizana kuti akufuna maphunziro apite patsogolo, umphawi uchepe ndiponso anthu akhale athanzi. Palibe amene angatsutse mfundo zimenezi, koma pakatha zaka zitatu sipapezekanso munthu wonena motsimikiza ngati zinthu zasintha kapena ayi, ndipo amene anadzipereka pa ntchitoyo amagwa ulesi chifukwa saona kumene thukuta lawo lapita. Komiti ya dera lililonse, kaya la kumudzi kaya la m'tauni, ingathe kupewa zimenezi ikaphunzira kulemba zolinga zimene munthu wamba angaziwerenge ndi kuzitsimikiza yekha.

Ntchito yoyamba ndiyo kudziwa pamene muli lero, ndipo ndi pano pamene makomiti ambiri amadumpha chifukwa cha changu. Musanalembe cholinga chilichonse, chitani kalembera wa nyumba ndi nyumba kuti mudziwe kuchuluka kwa mabanja, ana a msinkhu wopita kusukulu, ana osakwana zaka zisanu ndi amayi oyembekezera. Mabuku a kusukulu ndi a kuchipatala ndi othandiza, koma amangoonetsa anthu amene afika pakhomo pawo, pamene mwana amene sanalembetse ndi mayi amene anaberekera kunyumba sapezekamo, chonsecho ndi iwowo amene dera likufuna kuwafikira. Tiyerekeze kuti mphunzitsi wamkulu wanena kuti chaka chino walemba ana 180. Chiwerengerochi sichinena kanthu kufikira titadziwa ngati ana oyenera kulembetsa analipo 190 kapena 300.

Mukadziwa poyambira, lembani cholinga chilichonse m'chiganizo chimodzi chimene chikutchula chinthu chofuna kusintha, anthu amene chikuwakhudza, chiwerengero cha lero, chiwerengero chimene mukufuna kufikapo, nthawi yake, komanso amene adzayeze. Mayiko a m'bungwe la United Nations anatsata njira yofanana ndi imeneyi mu 2015 pamene anagwirizana zolinga 17 za chitukuko zofika mu 2030, ndipo pakati pa miyezo yake anaika wakuti amayi omwalira pa uchembere asafike 70 pa ana 100,000 obadwa amoyo, komanso wakuti ana omwalira asanakwanitse zaka zisanu asapitirire 25 pa ana 1,000 alionse. Miyezo imeneyi ndi yabwino kwa dziko lonse, koma musaikopere mmene ilili. M'dera la mabanja mazana ochepa, imfa imodzi yokha ingathe kukweza kapena kutsitsa chiwerengero moti nkusocheretsa aliyense, choncho ndi bwino kuyeza zinthu zimene zimachitika kawirikawiri ndipo zimatsogolera ku zotsatira zazikuluzo. Zolinganso zikhale zochepa. Bungwe la United Way la ku America, ngakhale ndi lalikulu, mu 2008 linadziikira zolinga zitatu zokha za zaka khumi pa maphunziro, chuma ndi umoyo, chimodzi mwa izo nkukhala kuchepetsa ndi theka achinyamata osiyira sukulu panjira. Komiti ya anthu ongodzipereka ikadzisenzetsa zolinga makumi awiri, sidzatha kutsata ngakhale chimodzi.

Pa maphunziro, ndikuona kuti cholakwika chofala ndicho kuwerenga ana amene akhala m'kalasi nkuiwala kufunsa ngati akuphunziradi. Mwana angathe kupita kusukulu zaka zinayi osajomba koma osatha kuwerenga ndime imodzi. Nchifukwa chake mu 2019 World Bank pamodzi ndi UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, anayamba kugwiritsa ntchito muyezo wosavuta kumva, wofunsa ngati mwana wa zaka 10 angathe kuwerenga nkhani yaifupi ndi kuimvetsa. Dera silifunika akatswiri kuti liyeze zimenezi. Bungwe la Pratham la ku India, kuyambira mu 2005, lakhala likutumiza anthu ongodzipereka m'makomo atanyamula pepala limodzi lokhala ndi zilembo, mawu, ndime yaifupi ndi kankhani. Woyesayo amakhala pansi ndi mwana mmodzi payekha, amamupatsa ndimeyo, ndipo ngati mwana waiwerenga bwino amamupititsa pa kankhani, koma ngati akudodoma amamubwezera pa mawu kapena pa zilembo, kenako amalemba pamene mwanayo wafika. Kuyesa kumachitikira kunyumba kuti ana amene sapita kusukulu nawonso awerengedwe. Mukachita zimenezi mungathe kulemba cholinga chonga ichi: pofika kumapeto kwa chaka chachitatu, ana a zaka 10 otha kuwerenga kankhani achoke pa 30 kufika pa 50 mwa ana 100 alionse. Lembani atsikana padera, anyamata padera, ndiponso ana aulumali padera, popeza chiwerengero chophatikiza chimatha kukwera pamene gulu lina likutsalira.

Chuma cha mabanja ndicho chovuta kwambiri kuyeza, chifukwa anthu safuna kuulula zimene amapeza, ndipo ambiri amene amadalira ulimi, geni kapena ganyu sapeza ndalama zofanana mwezi ndi mwezi. M'malo mofunsa kuti banja limapeza zingati, funsani ngati lingathe kupirira tsoka likagwa. Kafukufuku wa Global Findex, amene World Bank inayamba mu 2011, amafunsa anthu ngati angathe kupeza ndalama zothanirana ndi vuto ladzidzidzi m'masiku 30, komanso kumene angazitenge. Funso limeneli mungaligwiritse ntchito mutagwirizana kuchuluka kwa ndalama koyenera dera lanu, ndipo muwonjezerepo ena awiri: ngati banjalo m'miyezi khumi ndi iwiri yapitayi linagulitsa chipangizo chimene limapezera ndalama kuti lithane ndi vuto, ndiponso ngati linakongola kwa akatapila. Magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama, amene bungwe la CARE linayambitsa ku Niger mu 1991, ndi chida chabwino pa cholinga chimenechi, koma musanyadire kuchuluka kwa magulu amene akhazikitsidwa. Werengani mamembala amene atsalabe m'gulu pambuyo pogawana ndalama kumapeto kwa chaka, chifukwa gulu lingathe kukhalapo m'buku lokha.

Pa umoyo miyezo yodalirika ilipo kale, kotero ntchito yanu ndiyo kungosankha. Mungathe kuwerenga ana amene alandira katemera yense wa m'chaka chawo choyamba poona makadi awo, kapena amayi oyembekezera amene aonana ndi azaumoyo kasanu ndi katatu monga mmene bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangizira mu 2016. Kwa ana a miyezi 6 mpaka 59, kalamba koyezera mkono kakasonyeza masentimita ochepera 11.5, mwanayo wanyentchera kwambiri ndipo ayenera kupita kuchipatala msanga osadikira lipoti la kalembera. Kwa akuluakulu, cholinga chabwino ndicho kuchulukitsa amene ayezetsa kuthamanga kwa magazi, ndi kutsata ngati opezeka ndi 140/90 kapena kupitirira apo akulandira chithandizo.

Pali ngozi imodzi imene muyenera kuiyembekezera kuyambira pachiyambi. Katswiri wa zachuma wa ku Britain, Charles Goodhart, anaonetsa mu 1975 kuti muyezo umayamba kunama anthu akangoyamba kuweruzidwa nawo. Sukulu imene ikuyamikiridwa chifukwa cha ana okhoza mayeso ingayambe kuletsa ana ofooka kulemba, ndipo wazaumoyo amene amadzudzulidwa manambala akatsika angayambe kudzaza m'buku maina a anthu amene sanawaone. Pofuna kutchinga zimenezi, amene akuyeza asakhale yemweyo amene akugwira ntchitoyo, ndipo muyezo uliwonse ukhale ndi unzake wouyang'anira, mwachitsanzo okhoza mayeso aziwerengedwa pamodzi ndi onse amene anayamba kalasiyo. Choposa zonse, musalange munthu chifukwa chobweretsa chiwerengero choipa, pakuti mukatero simudzamvanso zoona.

Yezani kamodzi pa chaka, nyengo yomweyo, ndi mafunso omwewo osasintha ngakhale liwu limodzi, kuti zotsatira za chaka chino zithe kuyerekezedwa ndi za chaka chatha. Zotsatirazo ziwerengedwe pa msonkhano wa anthu onse ndi kupachikidwa poonekera, koma maina a mabanja, ngongole zawo ndi matenda awo zisungidwe mwachinsinsi ndi anthu awiri kapena atatu odalirika. Chiwerengero chikapezeka kuti sichinasunthe, musathamangire kutsitsa cholinga kapena kusintha muyezo. Bwererani ku mapepala a kalembera, muone kuti ndi mabanja ati amene sanafikiridwe, muwayendere ndi kuwafunsa chimene chawalepheretsa, kenako musinthe kagwiridwe ka ntchito molingana ndi mayankho awo musanafike pa kuyeza kwa chaka chotsatira.