Mmene mungatsatirire banja wina akapezeka ndi chimfine cha mbalame

Mu 2006, m'boma la Karo ku North Sumatra m'dziko la Indonesia, anthu 8 a banja limodzi anadwala chimfine cha mbalame ndipo 7 anamwalira. Onse anali achibale a magazi amodzi, pamene amuna ndi akazi okwatirana nawo sanadwale. Zoterezi zaonekanso m'mabanja ena, n'chifukwa chake potsatira anthu amene anakhala pafupi ndi wodwala, ubale si chinthu chodumpha.

Yambani ndi kulemba mayina tsiku lomwelo. Lembani aliyense amene anagwira, kupha kapena kusosola nkhuku ndi mbalame zodwala kapena zofa zokha, komanso amene anadwazika wodwalayo. Pa dzina lililonse ikani tsiku lomaliza limene anakhudzana ndi mbalamezo kapena wodwalayo, ndipo sonyezani ngati ndi kholo, mwana, m'bale wobadwa naye kapena wongokwatirana naye.

Ubale ukufunika chifukwa chitetezo china timatengera kwa makolo kudzera m'majini, malangizo a m'maselo amene mwana amalandira kwa mayi ndi bambo ake. Jini ya MX1 imapanga puloteni yotchedwa MxA, imene imatsekereza tizilombo ta chimfine cha mbalame kuti tisaswane m'maselo a munthu. Kafukufuku wa 2021 anapeza kuti mwa odwala H7N9 (mtundu wina wa chimfine cha mbalame) ku China, ambiri kuposa mmene zimakhalira mwa anthu wamba anali ndi MX1 yolumala. Jini ina, IFITM3, imalepheretsa kachilombo kulowa mkati mwa selo, ndipo mtundu wake wina umayendera limodzi ndi kudwala chimfine mwakayakaya. Mu 2023 akatswiri a ku Glasgow anasonyeza kuti jini ya BTN3A3 nayonso imateteza njira yopumira, koma H7N9 imaizemba.

Apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Achibale amagona nyumba imodzi ndipo amasamalira khola limodzi, choncho kudwalira limodzi sikutanthauza majini nthawi zonse. Musachotse mkazi kapena mwamuna wa wodwala pa mndandanda, ndipo musadikire kuyeza majini, chifukwa si kuyeza kumene kumatsogolera chithandizo kuchipatala. Achibale a magazi muwaike patsogolo, koma onse atsatiridwe.

Aliyense ayezedwe kutentha kwa thupi kawiri pa tsiku kwa masiku 10 kuchokera pa tsiku lomaliza lija. Kutentha kofika madigiri 38, chifuwa, zilonda zapakhosi, befu kapena kufiira maso, zonsezi n'zofunika kupita naye kuchipatala msanga atavala masiki, ndipo achipatala muwauziretu za mbalamezo.

Poyeza, tengani zoyeza m'mphuno ndi pakhosi, ndiponso m'maso ngati afiira, muzitumize ku labotale kukayeza ndi PCR, njira yofufuza majini a kachilombo. Kachilomboka kamakonda kumata maselo a mkati mwenimweni mwa mapapo, choncho za m'mphuno zokha zikhoza kusonyeza kuti mulibe kanthu munthu akudwala. Wodwala chibayo atengedwenso makhololo. Zipangizo zoyezera mwachangu musazidalire.

Kwa amene ali ndi zizindikiro, mankhwala a oseltamivir ayambidwe osadikira zotsatira, makamaka pasanathe maola 48 chiyambire zizindikiro, ngakhale kuti wofika mochedwa apatsidwebe. Wamkulu amamwa 75 mg kawiri pa tsiku kwa masiku 5. Kwa ana mlingo umatengera kulemera kwa thupi, ndipo kwa wodwala impso dokotala amauchepetsa.